Maulendo a njinga zamoto m'zigwa ndi m'mapiri, kodi kuno ku Kasungu zingatheke?

Wa Kabaza pa Boma: Akuluakulu mwadzuka bwanji pagulu pano. Pali nkhani ina yomwe yakhala ikundizunguza mutu ndipo ndati ndiibweretse kuno poti pano pali amakaniko, alangizi ndi ena oti anayendako kunja. Kuli makampani kunjaku omwe ntchito yawo ndi kutenga alendo pa njinga zamoto kukawayendetsa m'zigwa zakuya za miyala, malo oti galimoto wamba siingafike, munthu mmodzi wodziwa njira amakhala kutsogolo enawo akutsata pambuyo, usiku akagona ku kampu mawa ulendo ukupitilira. Alendo amalipira madola. Ine funso langa ndi loti ife kuno tili ndi njinga, tili ndi misewu yafumbi, tili ndi mapiri, nanga chikutiletsa ndi chani?

Anaphiri a ku Mtunthama: Tadzuka bwino achimwene. Zigwa zake ziti kuno ku Kasungu poti kuno ndi kwa flat, minda ya fodya ndi madambo basi

Wa Kabaza pa Boma: Anaphiri pa boma pano inde ndi pa flat koma tsikani msewu wa ku Nkhotakota muone mmene dziko limagwera kulowera kunyanja, kapena mupite mbali ya Ntchisi. Kumeneko kuli zigwembe zoti ukaima pamwamba mutu umachita chizungulire

Mjoni: Ndilowepo pang'ono poti zinthuzi ndaziona ndi maso. Ku South Africa kuli Blyde River Canyon ku Mpumalanga, chigwa chobiliwira bwino cha makilomita pafupifupi 26, pamwamba pake pali malo oonera otchuka aja a Three Rondavels ndi God's Window. Weekend iliyonse mumakumana ndi magulu a njinga zazikuluzikulu za BMW ndi KTM akudutsa ku Graskop ndi Sabie kulowa misewu ya m'nkhalango za mapaini. Ndiye kuli Fish River Canyon ku Namibia, chimenecho nde ndi chilombo, kutalika makilomita 160, malo ena kutambalala mpaka 27, kuya kwake mpaka mamita 550. Koma chomwe anthu ambiri sadziwa ndi choti pansi pa chigwacho sikutsika njinga, amene akufuna kulowa mkati amayenda wapansi masiku 4 kapena 5 ndipo amalola nyengo yozizira yokha kuyambira May mpaka September, komanso amafuna kalata ya dokotala yoti uli bwino. A njinga amayenda misewu ya gelevulo yozungulira, kukaima pamwamba kuona phompho, kenako kutsikira ku Ai-Ais komwe kuli akasupe a madzi otentha

Anaphiri a ku Mtunthama: Mamita 550 kuya? Mayo ine

Mjoni: Ndipo sichinafike pa za ku Mexico mlongo wanga. Kumeneko kuli Copper Canyon m'chigawo cha Chihuahua, ndi zigwa zingapo zolumikizana zoti kuziphatikiza zimaposa Grand Canyon ya ku America kukula kwake, malo ena kuya kupitilira mamita 1,800. Kumeneko nde njinga zimatsikadi mpaka pansi, amanyamukira tauni ya Creel kumtunda kozizira kukafika Batopilas kapena Urique pansi penipeni komwe kumatentha mpaka kumalimidwa mango ndi mapapaya. Tsiku limodzi lomwelo umayamba utavala jekete ukamafika pansi thukuta kamukamu

Makaniko wa ku Nkhamenya: Zonsezi ndi zabwino kumva koma tiyeni tikambe za njinga zomwe tili nazo. Aise iwe njinga yako ndi chani?

Wa Kabaza pa Boma: Boxer man

Makaniko wa ku Nkhamenya: Boxer ndi njinga yolimba sindikukana, imanyamula matumba a feteleza awiri kukafika kwa Chulu osadandaula. Koma siinapangidwire miyala. Vuto loyamba ndi lakuti ndi yaifupi pansi, ukangokwera thanthwe injini imagunda pansi ndipo ukaboola pamene pamakhala oyilo paja ulendo wathera pompo. Chachiwiri mashoko ake ndi aafupi, amafika pothera msanga ukagwera m'dzenje. Chachitatu tayala lakutsogolo ndi laling'ono, pomwe njinga zamtchire zenizeni zambiri zimakhala ndi tayala la mainchesi 21 kutsogolo kuti lizikwera mwala mmalo mogunda, komanso matayala ake amakhala a mano aja. Ngati ukufunadi bizinesi imeneyi uyang'ane Honda XR 125 kapena 150, kapena Yamaha AG 200 zija amayendera alangizi ndi anthu a mabungwe. Zimenezo masipeya ake amapezeka ku Lilongwe ndipo makaniko aliyense wa pa trading angathe kuitsegula

Mlangizi Wopuma: AG 200 mwaitchula bwino mwana wanga. Ine ntchito yanga yonse ya ulangizi ndagwirira pa njinga zoterozo, kuyenda midzi ya kwa Wimbe ndi Chamama nthawi ya dzinja misewu itasanduka phala. Ndi njinga yoleza, giya wani yake imakoka pang'onopang'ono osazima, tcheni chake ndi chotsekedwa matope salowa, ndipo ikagwa munthu mmodzi umaidzutsa wekha. Zazikulu zomwe akunena a Mjoni zija zina zimalemera kupitilira makilogalamu 250, ikagwera mu khwawa mufunika anthu atatu

Mjoni: Zoona bambo, ndipo ngakhale kunjako otsogolera maulendo ambiri malo ovuta kwambiri amapatsa alendo njinga zazing'ono za 250 kapena 300. Zazikuluzo ndi za mtunda wautali pa gelevulo wabwino

Namwino: Pepani ndisokoneze kaye chisangalalochi. Ine ndimagwira ku wodi komwe timalandira anthu a ngozi ndipo palibe sabata imatha osalandira wa njinga yamoto, miyendo yothyoka, mitu yong'ambika, ambiri opanda helimeti kapena avala ija ya pulasitiki yosamanga lamba. Amenewo ndi ovulala pa tala kapena pafupi ndi trading pomwe galimoto imapezeka msanga. Nanga mlendo wanu akagwera m'chigwembe mtunda wa maola atatu kuchokera pa msewu, netiweki kulibe, mukamutulutsa bwanji? Sindikukana ganizoli koma yankhani funso limeneli kaye musanakambe za madola

Wa Kabaza pa Boma: Asisi funso lanu ndi lolemera, ndilibe yankho lokwanira. Mwina kumunyamula pa njinga ina?

Namwino: Ayi achimwene chonde ayi. Munthu amene wagwa ndipo akudandaula khosi kapena msana, kapena sakumva miyendo, simumukweza pa njinga, simumukhazika tsonga, ngakhale helimeti simuivula mwachisawawa pokhapokha ngati sakupuma. Mukamupinda molakwika munthu woti akanachira mumamupundula moyo wake wonse. Amafunika kugonekedwa pa chinthu chowongoka mutu utagwiridwa kuti usagwedezeke, ndiye pakhale galimoto. Wotsogolera aliyense aphunzire chithandizo choyamba, a Red Cross amaphunzitsa zimenezi, ndipo adziwe chipatala chapafupi pa gawo lililonse la njira, kaya ndi cha boma pa Kasungu, kaya St Andrews ku Mtunthama, kaya Nkhamenya

Mjoni: Apa asisi akhudza pamene pagona bizinesi yonseyi. Makampani enieni aja sagulitsa njinga ayi, njinga aliyense angabwereke. Mlendo amalipira kuti pali munthu amene njirayo waiyenda mobwerezabwereza ndipo akudziwa kona iliyonse. Kayendedwe kawo kamakhala chonchi, kutsogolo wotsogolera, kumbuyo kwenikweni munthu wina wa kampani amene sadutsa mlendo aliyense zivute zitani, iyeyo amanyamula zida ndi mankhwala, ndiye pali galimoto ya four wheel yomwe yanyamula zikwama, madzi, mafuta, mwina ndi njinga yapadera, imadzera njira yosavuta nkumakumana nawo malo omwe anagwirizana. Pa mphambano iliyonse wotsogolera amasiya munthu mmodzi aime kuloza njira mpaka wakumbuyo uja afike, choncho palibe amene amasochera. Ambiri amanyamulanso kachipangizo ka satellite ngati Garmin inReach kotumizira uthenga komwe foni siigwira

Wa Kabaza pa Boma: Eeh ndiye kuti ndi anthu osachepera atatu ogwira ntchito pa ulendo umodzi

Mjoni: Eya, ndi chifukwa chake mtengo umakhala wokwera

Mnyamata wa ku Kamwendo: Ine ndikulemba kuchokera ku Mchinji, ndawerenga zonse. Kwathu kuno mapiri a Mchinji aja ali ndi tinjira tambiri ta anthu a makala ndi nkhuni, ukakwera pamwamba umaona mpaka ku Zambia, ndipo mtsinje wa Bua umayambira mbali yomweyi. Chomwe ndikuona ine ndi choti alendo a njinga alipo kale, amalowa pa boda ya Mwami kuchokera ku Chipata, ambiri amakhala akuchokera ku South Luangwa, njinga zodzadza katundu mbali zonse. Koma amangodutsa pa tala kuthamangira ku Lilongwe ndi kunyanja chifukwa palibe amene amawauza kuti kuno kuli choona. Munthu atawaimitsa masiku awiri okha ndalama ingatsale m'midzi muno

Anaphiri a ku Mtunthama: Nanga mu Kasungu National Park muja? Ku Lifupa kuli kokongola, njovu zikumwa madzi pa damu paja. Alendo angakonde zedi

Wa Zanyama: Mayi mu Kasungu National Park musaganizireko zolowa ndi gulu la njinga. Park imeneyi ndi yachiwiri kukula muno m'Malawi kutsatira Nyika, yopitilira masikweya kilomita 2,000, ndipo mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde kuonjezera zomwe zinalimo kale. Njovu ya mwana ikamva phokoso la injini pafupi siikufunsa kuti ndiwe mlendo, ndipo pa njinga ulibe chitseko chotseka, mu mchenga sungatembenuke msanga. Anthu a kwa Chulu ndi midzi ya m'malire akudziwa bwino zomwe njovu zimachita. Palinso njati. Komanso musaiwale kashembe, ntchentche zija zimakopeka ndi chinthu choyenda komanso zovala zakuda ndi zabuluu, ndipo ndi zomwe zimafalitsa matenda a kaodzera mbali ya Kasungu ndi Nkhotakota. Ngati alendo akufuna nyama, njinga zitsale kunja alowe pa galimoto ndi ranger

Wa Kabaza pa Boma: Nanga msewu wa ku Nkhotakota uja poti umadutsa mkati mwa game?

Wa Zanyama: Uja ndi msewu wa aliyense koma mukadutsa mudutse osaima ima komanso osapatukira m'tinjira ta m'mbali. Nkhotakota Wildlife Reserve ikuyendetsedwa ndi African Parks kuyambira 2015 ndipo analowetsamo njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017. Chilichonse chokhudza mkati mukambe nawo kaye eni ake

Mlangizi Wopuma: Ndionjezere nkhani ina yomwe anyamata mumaiiwala. Njira zomwe mukufuna kudutsazo zili ndi eni ake. Kuno ndi kwa Achewa, pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi manda ake m'kankhalango ndipo komweko ndi ku dambwe. Mlendo akaona mitengo yowirira pakati pa minda amaganiza kuti ndi malo abwino opumira ndi kujambula, osadziwa kuti walowa malo oletsedwa, mlandu wake si wamasewera. Mukakumana ndi Gule panjira muime, muzimitse injini, mupatuke, ndipo kamera isatuluke popanda chilolezo. Pamaliro chimodzimodzi, mukaona masamba aikidwa pamsewu mutsike liwiro kapena mukankhe kumene. Musanatsegule njira iliyonse pitani kwa amfumu mukhale pansi, muwauze tsiku lomwe muzidutsa ndi chomwe mudzi upindule. Mukapanda kutero tsiku lina mudzapeza mtengo wagwetsedwa pakati pa njira

Mnyamata wa ku Kamwendo: Bambo apa mwanena zenizeni. Ndipo ana, ana akamva njinga amathamangira kumsewu onse

Mlangizi Wopuma: Ana, mbuzi, nkhuku, ngolo za ng'ombe. M'mudzi ndi giya thu basi

Anaphiri a ku Mtunthama: Ine ndili ndi nkhawa ina. Matayala a mano aja sadzakumba tinjira tathu? Mvula ikagwa madzi amatsata mkwasa wa tayala nkupanga ngalande, ife oyenda wapansi ndi mitolo pamutu ndi amene tivutike

Wa Zanyama: Nkhawa yanu ndi yoona mayi ndipo kunjako anaiona kale. Ku America m'chigawo cha Utah kuli njira yotchuka ya White Rim mu Canyonlands National Park, makilomita pafupifupi 160 kuzungulira m'mphepete mwa maphompho, ndipo ngakhale kuyenda tsiku limodzi lokha umafunika chilolezo, chiwerengero cha olowa pa tsiku ndi choyezedwa, kuchoka pa njira nkoletsedwa. Ife tingatengerepo zosavuta, gulu lisapitilire njinga 6, osadula m'madambo ndi m'madimba, osatsegula njira yatsopano pa mtsetse, ndipo dzinja ulendo kulibe

Makaniko wa ku Nkhamenya: Dzinja nde ayi ndithu. Kuyambira December mpaka March katondo wathuyu akanyowa amamata pakati pa tayala ndi madigadi mpaka tayala kuleka kuzungulira. Komanso m'zigwembe madzi amabwera mwadzidzidzi, pomwe uli iwe kuli dzuwa koma kumtunda yagwa, khwawa louma limadzadza mphindi zochepa. Nyengo yabwino ndi May mpaka August, kunja kozizira, mitsinje yaphwera. October kutsikira kunyanja kumatentha moti munthu wovala jekete ndi mabuti atha kukomoka, madzi akumwa munthu aliyense osachepera malita atatu pamsana

Wa Kabaza pa Boma: Man tandiuzeni zida zomwe sizingasowe

Makaniko wa ku Nkhamenya: Machubu apadera akutsogolo ndi kumbuyo, zigamba ndi guluu, zitsulo zochotsera tayala, pampu, masipanala a saizi ya njinga zakozo, pulagi, loko ya tcheni, kebulo ya kalachi, ma handle a buleki ndi kalachi poti ndi amene amayamba kuthyoka njinga ikagwa, waya, chingwe chokokera, oyilo lita imodzi. Mpweya wa matayala mu mchenga umachepetsako pang'ono kuti ligwire koma pa miyala ukachepetsa kwambiri chubu chimapanidwa ndi rimu nkuphulika, ndiye uzisintha malinga ndi malo. Njinga ikamira powoloka mtsinje usailize, madzi akalowa mu injini ukakankha kiki umapinda zamkati, chotsa pulagi ndi fyuluta utulutse madzi kaye. Ndipo mafuta, mukudziwa mmene amasowera muno, usadalire a m'zigubu a m'mbali mwa msewu pa ulendo wa alendo poti ena amasakaniza, nyamula ako pa galimoto

Mjoni: Kayendetsedwe nakonso ndi kosiyana ndi ka kabaza aise. Pa kabaza umakhala pansi tsiku lonse, kumtchire umaima pa mapedulo mawondo atapindika pang'ono kuti miyendo izigwira ntchito ya mashoko. Potsika mtsetse wa miyala giya yotsika, injini izikugwira, buleki zonse ziwiri pang'onopang'ono, ukangofinya yakutsogolo mwamphamvu pa timiyala tayala limatsetsereka uli pansi. Maso aziyang'ana komwe ukufuna kupita osati kuphompho, chifukwa njinga imatsata maso. Mu mchenga thupi kumbuyo moto osatseka

Mlangizi Wopuma: Amene akufuna kuyesa ngati wakhwima apite ku Gorodi, msewu wokwera kuchokera pa Chitimba kupita ku Livingstonia, makilomita pafupifupi 15 makona 20 okhota ngati chigongono, mbali imodzi phiri mbali inayo phompho nyanja ikuoneka pansi. Pamwamba pali mathithi a Manchewe otalika mamita 125. Kumeneko ndi komwe kuno kwathu kumafanana ndi zomwe mukukambazi, ndipo kuchokera pa Kasungu ndi tsiku limodzi kudzera Mzuzu

Mnyamata wa ku Kamwendo: Ndiye njira ikutuluka yokha apa. Kulandira alendo pa Mchinji, tsiku loyamba m'mapiri mwathu muno, lachiwiri kudzera Kapiri ndi Santhe kukagona pa Kasungu, lachitatu Ntchisi kutsikira kunyanja, kenako kumpoto kukathera ku Gorodi

Wa Mapepala: Ndakhala chete kuwerenga, ndikumbutse za malamulo. Laisensi ya A1 ndi ya njinga zosapitilira 125cc, kuposa apo pafunika A, ndiye amene ali ndi AG 200 kapena XR 150 aonetsetse. Njinga iliyonse ikhale yolembetsa ndi inshuwalansi, ndipo muwauze a inshuwalansi chilungamo kuti njingazo muzibwereketsa kwa alendo pa malipiro, mukabisa tsiku la ngozi adzakana kulipira. Bizinesi ilembetsedwe, mutenge TPIN (nambala ya okhoma msonkho) ku MRA, komanso otengera alendo malo amafunika laisensi ya ku zokopa alendo. Mlendo aliyense aonetse laisensi yake ya njinga ndi inshuwalansi yake ya chipatala asanakwere. Ngati mudzafuna kuwolokera ku Chipata pafunikanso Yellow Card ya COMESA, yomwe ndi inshuwalansi yoyendera m'maiko ena, ndi mapepala otulutsira njinga

Wa Kabaza pa Boma: Zachuluka koma sindinagwe ulesi. Chomwe ndamva ndi choti ndisathamangire azungu pomwe njira sindinaiyeze. Nanga titayamba ndi anthu akonkuno? Ku Lilongwe kuli anthu ambiri ali ndi njinga zawo zabwino amangozungulira nazo mu town Lamulungu, amenewo safuna kubwereka njinga, akufuna munthu woti awaonetse njira basi

Mjoni: Pamenepo nde wayamba kuganiza bwino. Ndalama yoyambira imachepa kwambiri chifukwa sukugula njinga 6, ukungofunika yako imodzi yabwino, wakumbuyo, ndi pikapu ya hayala

Makaniko wa ku Nkhamenya: Wakumbuyo ndikhala ine, zida ndili nazo kale

Namwino: Ine ndikonza bokosi la chithandizo choyamba ndipo ndikufuna nonse amene mupite tikumane kaye ndikuonetseni kamangidwe ka bala lotaya magazi ndi kanyamulidwe ka munthu wovulala msana. Wopanda helimeti yomanga bwino, magolovesi ndi nsapato zobisa akakolo asanyamuke, ma slippers ayi

Mlangizi Wopuma: Mafumu a mbali ya Wimbe ndi Chamama ambiri ndimadziwana nawo, ndiyamba kuwayendera sabata ino. Mbali ya Ntchisi mupeze munthu wakomweko

Anaphiri a ku Mtunthama: Achimwene anga amaphunzitsa ku Malomo ndiwaimbira madzulo ano. Ndipo mukamadutsa pa Mtunthama chakudya cha masana ndikonza ine, nsima ya mgaiwa, nkhuku ya lokolo ndi nkhwani wotendera, mundiuziretu chiwerengero

Wa Kabaza pa Boma: Zikomo nonse. Ndiye tichite chonchi, Loweruka likubwerali tikumane kwa asisi Namwino 2 koloko za chithandizo choyamba zija. Loweruka linalo tinyamuke 6 koloko mmawa pa boma, njinga zitatu zokha opanda mlendo, tikayeze gawo la Kasungu mpaka Ntchisi, tizilemba pomwe netiweki ikuthera, powolokera mitsinje ndi pomwe pikapu ingafike. A ku Kamwendo inu muyeze mbali yanu tsiku lomwelo tidzaphatikize

Mnyamata wa ku Kamwendo: Bho, ndipeza mnzanga wa XR tipite awiri. Amene ali ndi pikapu yoti tingachite hayala pa Kasungu alembe pano mtengo wake pa tsiku